Nyumba ya Kaiser ndi mfuti ya pa Mangochi

Anzanga akunyanja, mfuti yakale ija ili pafupi ndi wotchi pa Mangochi boma, nkhani yake imakafika mpaka ku Netherlands, m'tauni ya Doorn.

Kumeneko kuli Huis Doorn, nyumba ya Wilhelm II, Kaiser womaliza wa Germany. Atagonja pankhondo mu 1918 anathawira m'dzikolo, ndipo anakhala m'nyumbayi kuyambira 1920 mpaka kumwalira mu 1941. Katundu wake anadzaza mabogi a sitima 59! Lero alendo amakaonako mayunifolomu ake, mbale zasiliva ndi chishalo cha hatchi chimene ankakhalira polemba. Panja pali manda ake, ngakhalenso manda a agalu ake, miyala yake yolembedwa bwinobwino.

Nkhondo imene inamuthawitsayo inafika panyanja yathu ino. Mu Ogasiti 1914 sitima ya Angelezi, Gwendolen, inapeza ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, ili pamtunda ikukonzedwa ku Sphinxhafen, Liuli ya lero ku Tanzania. Anaiwomba kaputeni wake asanamve n'komwe kuti nkhondo yayamba. Mfuti ya pa Mangochi ija ndi ya Gwendolen. Mwezi wotsatira kunaphulika nkhondo ku Karonga, kenako makolo athu anayamba kugwidwa utengatenga, kusenza zipolopolo ndi chakudya cha asilikali. Ambiri anafera m'njira ndi njala ndi matenda.

Ndiye taonani: agalu a Kaiser ali ndi miyala pamanda, atengatenga ambiri alibe ngakhale chizindikiro. Ngati agogo adakalipo kwanu, afunseni amene anapita osabwerera, mulembe mayinawo. Ukachedwa kufunsa, mbiri imapita ndi maliro.