Flames pa mpikisano wa AFCON 2021

Flames, timu ya dziko la Malawi ya mpira wamiyendo, idasewera nawo mpikisano wa Africa Cup of Nations wa 2021 womwe udachitikira m'dziko la Cameroon kuyambira mu Januwale 2022. Aka kadali kachitatu kuti Malawi ifike ku mpikisanowu, itapitako kale mu 1984 ndi 2010, ndipo kadali koyamba kuti idutse ndime ya m'magulu. Timuyi idagoletsa zigoli zitatu pa masewero anayi, ndipo zonsezo adamwetsa ndi wosewera mmodzi, Gabadinho Mhango.

Njira yopitira ku Cameroon

M'masewero achipulula Malawi idali m'gulu limodzi ndi Burkina Faso, Uganda ndi South Sudan. Idapeza mapointi 10 ngakhale idagoletsa zigoli zinayi zokha pa masewero asanu ndi limodzi. Malo ake adatsimikizika pa 29 Malichi 2021 pomwe idagonjetsa Uganda 1-0 pa bwalo la Kamuzu ku Blantyre ndi chigoli cha Richard Mbulu. Mphunzitsi pa nthawiyo adali Meck Mwase.

Masewero ndi zigoli

Masewero onse atatu a m'gulu B adachitikira mumzinda wa Bafoussam. Pa 10 Januwale Flames idagonja 1-0 ndi Guinea. Pa 14 Januwale Zimbabwe ndiyo idayamba kugoletsa, koma Mhango adamwetsa kawiri, Malawi n'kupambana 2-1. Pa 18 Januwale idafanana mphamvu ndi Senegal 0-0. Pa masewerowa woyimbira adapereka penate ku Malawi koma adayibweza ataonanso pa VAR. Senegal ndiyo idadzatenga chikho.

Malawi idathera pa nambala yachitatu ndi mapointi anayi, zomwe zidayikwanira kulowa m'ndime ya matimu 16. Pa 25 Januwale idakumana ndi Morocco ku Yaoundé. Patangotha mphindi zisanu ndi ziwiri, Mhango adaona kuti goloboyi Yassine Bounou wasendera kutsogolo, ndipo adaumenya ali kutali kwambiri mpira n'kulowa. Youssef En-Nesyri adabweza chigolicho chigawo choyamba chili pafupi kutha, kenaka Achraf Hakimi adagoletsa pa firikiki. Morocco idapambana 2-1.

Mphamvu ya timuyi idagona pa kutchinga kumbuyo ndi kuthamangira kutsogolo mpira ukangolandidwa. Idachinyidwa zigoli zinayi zokha. Kufooka kwake kudali kutsogolo: pa masewero awiri sidaone golo la adani, ndipo kupatula Mhango, yemwe pa nthawiyo ankasewerera Orlando Pirates ya ku South Africa, palibe wina adagoletsa.

Aphunzitsi

Mpikisano uli pafupi kuyamba, bungwe la Football Association of Malawi lidaika Mario Marinica wa ku Romania kukhala mtsogoleri wa aphunzitsi, ndipo Mwase adakhala pansi pake. Marinica adapezeka ndi matenda a Covid-19, choncho Mwase ndiye adatsogolera timu pa masewero a Guinea ndi Zimbabwe. Marinica adabwerera pa masewero a Senegal ndi Morocco. Chifukwa cha ichi, okonda mpira akhala akutsutsana kuti woyenera ulemu pa zomwe Flames idachita ndani pakati pa awiriwa.

Zotsatira zake

Mu Epulo 2022 bungweli lidachotsa Mwase n'kupereka timu m'manja mwa Marinica. Vuto la zigoli silidathe. M'masewero achipulula a AFCON 2023 Malawi idagonjetsa Ethiopia 2-1 ku Lilongwe, zigoli zonse ziwiri Mhango atamwetsa pa penate. Pambuyo pake idagonja 1-0 ndi Guinea, kenaka 2-0 ndi 4-0 ndi Egypt mu Malichi 2023, osagoletsa ngakhale chimodzi. Marinica adachoka mgwirizano wake utatha, ndipo Patrick Mabedi adalowa m'malo mwake.