Njinga ya Olumala ndi Misewu ya kwa Kabudula

Akuluakulu adati lungalunga n'pobadwa, chilema chichita kudza. Mwambiwu timaukonda pomangana mfundo pabwalo, koma amene adakumba misewu ya m'midzi mwathu akuoneka kuti sadaumveko. Tangotsikani basi pa Mpingu kapena pa Namitete, musiye tala wa ku Mchinji, mulowe m'tinjira ta m'midzi. Chimodzimodzi ku Nsaru, kwa Kabudula ndi ku Nambuma: chilimwe ndi mchenga ndi fumbi la katondo, dzinja ndi matope a m'dambo ndi ngalande zosiyidwa ndi mawilo a ngolo. Wa miyendo iwiri amadumpha, nsapato zili m'manja. Nanga amene miyendo idafa?

Funsoli labuka chifukwa masiku ano kunja kuli amisiri amene akupanga tinjinga ta magetsi ta olumala, ta mawilo anayi okoka onse ngati Land Rover, toti n'kukwera chitunda ndi kudutsa pamchenga. Ambiri akationa pa foni amati mankhwala a mavuto athu apezeka. Tisanaombe m'manja, awerengi, tiyeni tifunse kaye mbiri, poti njinga ya olumala yayenda ulendo wautali isanafike kwathu kuno, ndipo pali pamene idathyokera.

Woyamba amene mabuku amamutchula kuti adadziyendetsa yekha ndi Stephan Farffler, mmisiri wa mawotchi wa ku Altdorf, pafupi ndi Nuremberg ku Germany. Iyeyu sankayenda, ndipo m'chaka cha 1655 adadzikhomera kangolo ka mawilo atatu kamene ankapukusa ndi manja. Sadali dokotala ayi. Adali munthu wa magiya a wotchi amene adatopa n'kunyamulidwa. Mu 1933 ku Los Angeles, Herbert Everest, yemwe adathyoka msana m'migodi, pamodzi ndi mnzake Harry Jennings adapanga mpando wa mawilo wa zitsulo zopepuka, wopindika kuti uzilowa m'galimoto. Mpando umene mumauona m'makhonde a zipatala lero ndi mdzukulu wa umenewo. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, George Klein wa ku Canada adauika mota ndi mabatire kuti uthandize asilikali opuwala. Kenaka mu 1968 Allan Thieme, mmisiri wa mipope ya madzi ku Michigan, adapangira m'bale wake wodwala kanjinga ka magetsi kotchedwa Amigo, kholo la tinjinga tonse ta mtunduwu.

Taonani chinthu chimodzi m'mbiriyi. Aliyense adapangira munthu amene ankamudziwa, ndi njira imene munthuyo ankayendamo. Everest ankaganiza za galimoto ndi simenti ya m'tauni. Thieme ankaganiza za m'nyumba ndi m'masitolo. Palibe mwa iwo adaonapo dambo la Nambuma mu Febuluwale.

Kwathu kuno amene adaitana njinga ya olumala ndi poliyo. Katemera wa Jonas Salk adatuluka mu 1955, wa madontho wa Albert Sabin n'kutsatira m'zaka zoyambirira za m'ma 1960, koma kuti afike mudzi ndi mudzi m'Malawi padapita zaka zambiri. Mwana amagona ndi thupi lotentha, pakutha pa masiku ochepa mwendo walefuka. Makolo ena ankati kwadutsa mfiti. Anawo adakula akukwawa, maondo ndi zikhatho zitachita zikang'a, ena atamangirira zidutswa za matayala. Sukulu ili mtunda, tchalitchi chili mtunda, ndipo ngakhale chipatala cha St Gabriel pa Namitete, chimene masisitere a Chikarimeli ochokera ku Luxembourg adatsegula mu 1959, munthu wotere ankafikako ataberekedwa kumsana kapena atagonekedwa m'ngolo.

Nthawi yomweyo dera limeneli linkasintha. Mu 1968 boma, ndi ngongole ya World Bank, lidayamba Lilongwe Land Development Programme. Magiledala adakumba misewu ya fumbi, zitsime zidabooledwa, misika ya mbewu idamangidwa. Koma tisanamizane: misewu ija adaikumbira fodya, mtedza ndi chimanga. Adayeza m'lifupi mwa lole ndi ngolo ya ng'ombe. Thumba la mtedza lidapeza njira yopita ku ADMARC, munthu wokwawa adatsala pakhonde.

Mu 1971 kudabwera lamulo la anthu olumala limene lidabala bungwe la MACOHA. Koma mawilo enieni adadza ndi bungwe la Malawi Against Polio, lodziwika kuti MAP, limene lidayamba mu 1979 ndipo lidalandira thandizo la a Rotary. A MAP ankayendera zipatala za m'maboma, kuona ana, kutumiza ena ku opaleshoni yowongola miyendo, ndi kupereka ndodo ndi zitsulo zolimbitsa miyendo. Mu 1985 Dr Edward Blair adayambitsa maphunziro a makiliniko ofesala a mafupa, poona kuti madokotala a mafupa adali osowa m'dziko. M'nyumba zawo za ntchito, monga ku Blantyre ndi ku Lilongwe, amisiri a MAP ankawotcherera njinga ya mawilo atatu ija yopalasa ndi manja, imene aliyense wokulira m'Malawi adaionapo m'mbali mwa msewu.

Nzeru ya njingayo sidagwe kumwamba. Ku Kampala m'ma 1960, dokotala wa mafupa Ronald Huckstep adaonetsa kuti mpando wa olumala ungapangidwe ndi felemu ya mpando wamba wachitsulo ndi mawilo a njinga ya kapalasa. Ku Nicaragua kuyambira mu 1980, Ralf Hotchkiss, Mmereka amene adalumala pa ngozi ya njinga yamoto, adagwira ntchito ndi olumala anzake kupanga mipando ya mapaipi opezeka pamsika wa konko. Onsewa adagwirizana pa mfundo imodzi: chinthu chisapangidwe ndi chitsulo chimene mmisiri wapafupi sangachipeze.

Apa ndi pamene padagona mphamvu ya njinga ya MAP. Kuoneka sinkaoneka bwino, idali yolemera, ndipo pachitunda mwini wake ankatuluka thukuta la mtima bii. Komatu tayala lake lidali la njinga wamba, tcheni cha njinga wamba, masipoko omwewo. Ikaphulika chubu pa Nsaru, mkulu wokonza njinga pansi pa mtengo wa mango amamata ndi gulu, munthu n'kupitiriza ulendo. Wilo lalikulu limakwera pamwamba pa mwala ndi mzu, pamene kawilo kakang'ono kamajinyika. Chifukwa cha njinga imeneyi ena adafika kusukulu, ena adatsegula malo osokera nsapato, ena adakafunsira mbeta ali pamwamba, osati akuyang'ana m'mwamba kuchokera pafumbi.

Yerekezani ndi mipando ya chifundo imene yakhala ikubwera m'makontena kuchokera kunja. Tsiku loipereka pamakhala kuvina, zithunzi ndi malankhulo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Tiwilo take ta kutsogolo tidapangidwira khonde la chipatala. Pamchenga timalowa pansi, pamatope timamata. Chikathyoka chitsulo chimodzi palibe golosale imene ingakugulitseni china kuyambira ku Mpingu mpaka ku Mchinji. Mapeto ake mpando uja umasanduka poyanikira zovala, ana n'kugulula mawilo kukapangira galimoto ya mawaya. Vutoli silathu tokha. N'chifukwa chake mu 2008 bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, lidatulutsa malangizo onena kuti mpando uzimuyenera munthu, uziyenera malo amene amakhala, ndipo uzitheka kukonzedwa komweko.

Tsono tibwere ku kanjinga ka magetsi kaja. Ubwino wake ndi weniweni, tisaukane. Tinjinga tamagetsi wamba timakhala ndi mota imodzi yokankha mawilo a kumbuyo. Limodzi likaterera m'matope, limangozungulira pamodzimodzi ndipo ulendo wathera pomwepo. Amisiri a ta mawilo anayi amaika mota m'wilo lililonse, kotero kuti limodzi likasowa pogwira, atatuwo amakoka. Matayala amakhala otambalala kuti asamire mumchenga, mimba imakhala pamwamba kuti isakhule pansi, mabatire amaikidwa m'munsi kuti kulemera kwawo kuletse kugubuduzika. Koposa zonse, kamathandiza munthu amene njinga ya MAP idamusiya: gogo wofooka manja, wodwala sitiroko, wovulala msana. Poliyo adachepa, ndipo a MAP eni ake adasintha dzina kukhala Malawi Against Physical Disabilities, koma ngozi za kabaza wa njinga zamoto, shuga ndi kuthamanga kwa magazi zikubala olumala atsopano. Kalembera wa 2018 adapeza kuti pa anthu 100 alionse a zaka zisanu kapena kuposerapo, 10 ali ndi ulumali wa mtundu wina wake.

Koma walira mvula walira matope. Kanjingako kamadya magetsi, pamene kalembera yemweyo adapeza kuti nyumba za kumudzi zolumikizidwa ku ESCOM sizinkafika ndi zisanu pa 100 zilizonse. Sola ya padenga yotchajira foni singakhutitse mabatire onyamula munthu. Mabatire otsika mtengo ndi olemera ndipo sachedwa kufa. Opepuka a lithium ndi odula. Fumbi ndi madzi ndi adani a mota. Njinga ya manja ikaonongeka panjira, mwana mmodzi amaikankha mpaka kunyumba. Ya magetsi ikazima pakati pa dambo, muitane ngolo. Ndipo kabokosi kogawa mphamvu ku mawilo anayiwo kakapsa, adzakatsegule ndani pa Kabudula?

Yankho la mbiri n'lomveka. Ngati kanjingaka kati kakhale kathu, kabadwe monga idabadwira njinga ya MAP. Felemu iwotcheredwe ndi anyamata omwe amapanga mageti ndi ngolo m'matirediñi senta athuwa. Matayala akhale a njinga yamoto ya kabaza, amene amapezeka pamsika uliwonse. Mota ndi mabatire zikhale za mtundu umodzi wodziwika, zoti n'kumasula ndi sipanala, ndipo potchajira pakhale pachipatala, pasukulu kapena paparishi pamene pali magetsi kale. Sukulu ya ntchito za manja ya Namitete Technical College ili m'dera lomweli. Kodi n'chiyani chingaletse ophunzira ake kupanga kamodzi n'kukakayesa m'matope enieni? Ndipo pa gome lojambulira pakhale mwini wake wokwerapo, poti Farffler, Everest ndi Hotchkiss onse adali okhala pampandowo. William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu adatulutsa magetsi ndi zidutswa za njinga ya bambo ake; nzeru m'midzi muno si yosowa, chosowa ndi woikhulupirira ndi ndalama.

Malamulo tili nawo. Malawi adavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali mu 2009, nakhazikitsa lamulo lake mu 2012, lina mu 2024. Koma lamulo siliwoloka dambo. Ndipo amene akuti nkhaniyi ndi ya anthu ena akumbuke kuti poliyo, amene tinkati adatsanzika mu 1992, adapezekanso mu Febuluwale 2022 mwa mwana wa zaka zitatu mu Lilongwe momwemuno. Katemera adathamangitsidwa dziko lonse ndipo mliriwo udazimitsidwa, koma mwana amene wapuwala amafunabe njira yopitira kusukulu. Makhansala akamakambirana za msewu wa ku Nsaru kapena mlatho wa ku Nambuma, wina aimirire afunse ngati munthu wa panjinga ya olumala angadutsepo yekha mu Janyuwale, popanda womunyamula.