Njanji Imodzi, Sitima Ziwiri: Idikire Iti?

Mangochi ilibe njanji, koma njanji ndiyo idasintha mbiri yake. Fort Johnston, yomwe idakhazikitsidwa mu 1891, idali khomo lolowera ku nyanja kwa katundu wochokera kummwera. Njanji yochokera ku Blantyre itafika ku Chipoka ndi Salima mu 1935, katundu wambiri adayamba kukwerera sitima zapamadzi ku Chipoka, ndipo tauni yathu idatsalira.

Njanji imeneyi ndi ya mzere umodzi, chimodzimodzi ija ya ku Nkaya kudzera ku Liwonde mpaka ku Nayuchi, yomwe idatsegulidwa mu 1970. Pa njanji yotere sitima ziwiri zimapatukirana pamalo okhawo amene pali kanjanji kapambali. Choncho kuchuluka kwa sitima patsiku kumadalira kutalikirana kwa malowa komanso liwiro lomwe chilolezo chimafikira kwa dalaivala.

Njira yakale, yomwe Angerezi adafalitsa m'maiko omwe ankalamulira, idali yodalira anthu. Mkulu wa siteshoni ankafunsa mnzake wakutsogolo pa lamya ngati njira ili yoyera, kenako n'kupatsa dalaivala chikalata kapena kachitsulo kachilolezo. Wopanda chilolezocho sankanyamuka. Idali njira yotetezeka ndi yotsika mtengo, koma sitima imodzi inkatseka chigawo chonse, ndipo ikachedwa, zinzake zonse zinkachedwa nayo.

Njira yatsopano idabwera ndi malasha. Kampani ya Vale itamanga njanji yochokera ku Moatize kudzera ku Nkaya ndi Liwonde kupita ku doko la Nacala, cholinga chidali kunyamula matani 18 miliyoni pachaka. Kuti izi zitheke, chilolezo chimachokera ku likulu limodzi kudzera pa wailesi ndi kompyuta, ndipo kompyutayo imatha kumanga mabuleki dalaivala akapyola malire. Sitima zambiri zimakwana pa njanji yomweyo.

Komabe makina sasankha yemwe adutse poyamba. Amasankha ndi anthu, potsata mapangano. Njanji zathu zili m'manja mwa kampani kuyambira 1999, pamene boma lidazipereka kwa CEAR, ndipo sitima ya malasha imalipira kwambiri kuposa ya amayi a geni opita ku Nayuchi. M'maganizo mwanga, aliyense wofuna njanji ku Mangochi asamangofunsa za kutalika kwake. Afunsenso kuti mapanganowo apatsa sitima ya anthu malo anji pa ndandanda, chifukwa mu 1935 makolo athu sadafunsidwe.