Mafailo Akamatsika Mocedwa pa Intaneti ya Panyumba: Zoyenera Kufufuza

Mu mzinda wa Livingstone, nyumba, maofesi ndi malo ogona alendo a m'mbali mwa mseu wa Mosi-oa-Tunya amadalira intaneti tsiku ndi tsiku. Mafailo akayamba kutsika mocedwa, ambiri amathamangira kugula bando yokwera mtengo. Koma kawirikawiri vuto limakhala pena, ndipo ndalamazo zimangopita pacabe. Njira yabwino ndiyo kufufuza mwadongosolo, kuyambira m'nyumba mpaka kunja kwa dziko.

Vutoli limaoneka kwambiri kwa otsitsa mafailo aakulu ku ma newsgroup, amene ndi magulu a nkhani ndi mafailo a pa Usenet. Njira imeneyi anaiyambitsa ndi Tom Truscott ndi Jim Ellis ku Duke University ku America mu 1979, ndipo ikali kugwira nchito. Maseva ake aakulu ambiri ali ku Amsterdam ndi ku America.

Yambani ndi masamu

Makampani amagulitsa liwiro mu ma megabit, pamene mapulogalamu otsitsira mafailo amaonetsa ma megabyte. Megabyte imodzi ndi ma megabit 8. Motero amene amalipira laini ya 10 Mbps sangapitirire 1.25 MB pa sekondi. Ngati pulogalamu ikuonetsa nambala yoyandikira pamenepo, lainiyo ili bwino.

M'nyumba

Lumikizani kompyuta ku rauta ndi cingwe, ndipo cotsani mafoni ndi ma TV onse pa Wi-Fi. Liwiro likakwera, vuto lili m'nyumba momwemo. Zipupa za njerwa zimafooketsa Wi-Fi, ndipo m'malo amene nyumba ndi zothinana marauta a 2.4 GHz amasokonezana. Kusamukira pa 5 GHz kumathandiza ngati rauta ili pafupi. Rauta ya 4G iikidwe pa windo, pamalo okwera ndi osatentha.

Onaninso kompyuta yeniyeniyo. Mafailo a pa Usenet amabwera m'zidutswa zambiri, ndipo pulogalamu ikamazilumikiza kapena kukonza zoonongeka ndi mafailo a PAR2, disiki yakale imalemedwa, kutsitsa nkucedwa.

Mtunda wa ku seva

Pa cidutswa ciliconse, kompyuta ndi seva zimayankhana. Ngati uthenga utenga mamilisekondi 200 kupita ku Ulaya ndi kubwerako, ndipo kompyuta ilandira 64 KB yokha pa ulendo umodzi, columikizira cimodzi sicingapitirire pafupifupi 2.6 Mbps, ngakhale laini ikhale yamphamvu motani. N'cifukwa cake mapulogalamu monga SABnzbd ndi NZBGet amalola zolumikizira zambiri nthawi imodzi. Onjezerani pang'onopang'ono, kucoka pa 4 kupita pa 8, kenako 16, mpaka liwiro litaleka kukwera. Kupitirira malire amene mwini seva anaika kumacititsa kuti seva ikukaneni. Sankhaninso seva ya ku Ulaya m'malo mwa ya ku America, pakuti ili pafupiko.

Kampani yopereka intaneti

Yesani liwiro m'mamawa ndiponso madzulo, ndi kulemba zimene mwapeza. Likamatsika madzulo okha, ndiye kuti ogwiritsa nchito laini kapena nsanja ya m'dera lanu acuruka. Mabando ena ochedwa opanda malire ali ndi lamulo locepetsa liwiro munthu akafika pa mlingo wina, conco werengani pangano lanu. Usenet imadzera pa khomo la 119, kapena la 563 ngati uthenga ndi wobisika ndi SSL. Liwiro likasintha posintha khomo, mwina mtundu umenewo wa uthenga ukucepetsedwa panjira.

Magetsi nawo amakhudza. M'caka ca 2024, cilala citacepetsa madzi ku Kariba, magetsi anali kuzima maola ambiri, ndipo nsanja za mafoni zinali kudalira mabatire ndi majenereta. Nsanja imodzi ikazima, makasitomala ake amaunjikana pa ina.

Kunja kwa dziko

Zambia inalumikizidwa ku intaneti mu 1994 kudzera mwa ZAMNET pa University of Zambia. Popeza dziko lino lilibe gombe, limadalira zingwe zodzera m'maiko oyandikana nalo kukafika ku zingwe za pansi pa nyanja monga SEACOM ya mu 2009, EASSy ya mu 2010 ndi WACS ya mu 2012. Mu Marichi 2024 zingwe zingapo zinaduka kumadzulo kwa Africa, ndipo mu Meyi EASSy ndi SEACOM zinadukanso kum'mawa. Zikatero, kusintha za m'nyumba sikuthandiza. Starlink, imene inayamba nchito muno mu Okutobala 2023, imafika panyumba kudzera m'masetilaiti, koma mvula yamphamvu imatha kuicedwetsa.

Kodandaula

Vuto likapitirira mutafufuza zonsezi, perekani ku kampani yanu masiku, maola ndi manambala amene munalemba, ndipo sungani nambala ya dandaulo lanu. Likapanda kuthetsedwa, kaonaneni ndi bungwe la ZICTA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2009 kuti liyang'anire makampani amenewa ndi kuteteza makasitomala.