Lambda yotsamira mbali imodzi

Kufikira m'ma 1970, akatswiri a fiziki ankati pulotoni yothamanga kwambiri ikawomba chitsulo, tizinthu totulukapo timangomwazika chisawawa. Tina mwa tizinthuti tili ndi spin, kuzungulira kwa mkati konga kwa nguli, ndipo palibe amene ankaona chifukwa choti ngulizo ziloze kumodzi.

Mu 1976, ku Fermilab, kufupi ndi Chicago, Gerry Bunce ndi anzake anawomba beryllium ndi mapulotoni a mphamvu ya 300 GeV. Munatuluka ma Lambda, mtundu wa hyperon wopangidwa ndi ma quark atatu, u, d ndi s, ndipo spin yawo inatsamira mbali imodzi mpaka pafupifupi 28 peresenti. Ubwino wake Lambda sisunga chinsinsi: ikamasweka n'kusanduka pulotoni ndi pion, pulotoniyo imakonda kuthawira komwe spin yaloza.

Mu 1978, Kane, Pumplin ndi Repko anawerengetsera potsata QCD, chiphunzitso chofotokoza za ma quark, n'kupeza kuti kutsamirako kumayenera kukhala kochepetsetsa. Koma oyesawo sanadikire kuti amasamu agwirizane. Chaka chomwecho anadutsitsa ma Lambda otsamirawo m'maginito n'kuyeza mphamvu ya maginito ya Lambda, yomwe lero imalembedwa kuti -0.613. Chinthu chosamvetsetseka chinayamba kugwira ntchito chisanafotokozedwe, ndipo kwa ine apa ndiye pokoma pa nkhaniyi.

Ofotokoza anabwera ndithu. Gulu la ku Lund, Sweden, mu 1979, kenako DeGrand ndi Miettinen mu 1981, anati gwero ndi quark s yobadwa kumene ikamalumikizana ndi zotsalira za pulotoni. Zinkamveka, poti anti-Lambda, yomwe sitengako quark iliyonse kwa pulotoni, sinkatsamira. Mu 1990 zinasokonekera: kuyesa kwa E756, pa 800 GeV, kunapeza anti-Xi, yomwenso sitengako quark kwa pulotoni, itatsamira. Mu 1993, E761 inaona zomwezo pa anti-Sigma, chitsulo chake chili mkuwa.

Pambuyo pake, timu ya HERA-B ku Hamburg inawomba mawaya a carbon ndi tungsten pa 920 GeV, koma ma Lambda omwe inayeza, osathamangira kutsogolo kwenikweni, sanatsamire moonekera. Mu 2019, timu ya BESIII ku Beijing inapeza kuti nambala yomwe onse ankayezera kutsamira kwa Lambda si 0.64 koma pafupifupi 0.75, ndiye ziwerengero zakale zija zinafunika kutsitsidwa.