Chindapusa cha Foni Yam'manja ku Tshwane: Mbiri ya Lamulo ndi Ndalama Zake

Makampani a Vodacom ndi MTN atayamba ntchito yawo m'dziko la South Africa m'chaka cha 1994, foni yam'manja idali katundu wa anthu ochepa, makamaka amalonda ndi akuluakulu a m'maofesi. Anthu omwewo ndiwo adalinso ndi galimoto. Motero sipadapite nthawi yaitali m'misewu ya Pretoria ndi Johannesburg musanayambe kuoneka madalaivala ogwira chiwongolero ndi dzanja limodzi, linalo lili pakhutu. Lamulo lalikulu la zapamsewu, lotchedwa National Road Traffic Act, lidakhazikitsidwa mu 1996, ndipo malamulo ang'onoang'ono olitsatira adatuluka mu 2000. Mwa iwo muli ndime ya 308A, imene imaletsa munthu kuyendetsa galimoto pamsewu atagwira foni kapena chipangizo china cholankhulira ndi dzanja limodzi, ndi manja onse awiri, ngakhalenso ndi chiwalo china chilichonse cha thupi. Mawu omalizawa adalembedwa ndi anthu odziwa bwino mtima wa dalaivala, pakuti amatseka mpata wa uja wopanikiza foni pakati pa phewa ndi tsaya nkumati manja ake ali pachiwongolero.

Ndimeyi imalola foni yomangiriridwa m'galimoto kapena yolumikizidwa ku zomvera za m'makutu. Komatu mu 1997, Donald Redelmeier ndi Robert Tibshirani, atafufuza madalaivala 699 a mumzinda wa Toronto amene adachita ngozi, adapeza kuti mwayi wochita ngozi umakwera pafupifupi kanayi munthu akamalankhula pafoni, ndipo sadaone kuti zomvera za m'makutu zimachepetsa vutolo. Chimene chimasokonezeka kwambiri ndi maganizo a woyendetsa. Opanga malamulo ku South Africa, monganso anzawo m'maiko ambiri, adaletsa chimene wapolisi woima m'mbali mwa msewu angathe kuchiona ndi maso, ndiko kuti dzanja.

Pa nthawiyo mlandu wapamsewu unkayenda motsatira lamulo loweruzira milandu la mu 1977. Wapolisi ankapereka chikalata, ndipo wogwidwayo ankasankha kulipira povomera kulakwa kapena kukaonekera kwa majisitireti. Ndalama zolipidwa pa zikalata za apolisi a mumzinda zinkalowa m'thumba la khonsolo ya mzindawo. Mabwalo a majisitireti adadzaza ndi timilandu ta liwiro ndi malamba pomwe milandu ya kuba ndi kupha inkadikira, ndipo madalaivala adazindikira kuti chikalata chongosiyidwa m'kabati nthawi zambiri chimafera momwemo. Pofuna kuthetsa zimenezi, Nyumba ya Malamulo idavomereza mu 1998 lamulo lodziwika ndi dzina lofupikitsa lakuti AARTO, limene cholinga chake chidali kuchotsa milandu ing'onoing'ono m'makhoti nkuipereka ku ofesi yapadera, Road Traffic Infringement Agency kapena kuti RTIA.

Wophunzira zilankhulo sangadutse pa lamuloli osaima pa mawu ake. M'Chichewa, mawu akuti chindapusa ambiri amawamva kuti muli "ndapusa", ndiye kuti wolipira akuvomera pamaso pa bwalo kuti adachita zopusa, ndipo ndalama ikutsatira kuvomerako. AARTO idachita zosiyana. Idasiyanitsa "offence", mlandu weniweni wokatha kukhoti, ndi "infringement", kuphwanya lamulo kumene ofesi ingathe kukulipiritsa popanda woweruza. Wogwidwa ndi foni adasanduka "infringer", mawu osalemera kwenikweni pamtima, oyandikira kwa munthu wangongole kusiyana ndi wamlandu. Anthu wamba nawo adali ndi mawu awo. Pamisewu ya ku Gauteng, ndalama yopereka mwamseri kwa wapolisi imatchedwa ya "cooldrink", monga momwe ku Malawi imatchedwera ya fanta, ndipo imeneyo siilowa m'buku lililonse la boma.

Lamuloli lidakhala zaka khumi papepala. Pa 1 July 2008 lidayamba kuyesedwa mumzinda wa Tshwane, umene likulu lake ndi Pretoria, ndipo Johannesburg idatsatira patapita miyezi ingapo. Kuyesaku, kumene ambiri ankayembekeza kuti kukhala kwa nthawi yochepa, kudatenga zaka zoposa khumi ndi zisanu, mizinda iwiriyi ikuyendera lamulo lina, dziko lonse likuyendera lakale. Pamndandanda wa zilango wa m'zaka zoyambazo, kugwira foni poyendetsa kudali R500. Wolipira masiku 32 asanathe ankachotseredwa theka. Akapitirira, RTIA inkatumiza kalata yokumbutsa, kuchotserako nkutha. Akadutsanso masiku ena 32, pankatuluka chilamulo choumiriza, chimene chinkatsekereza munthu kukonzetsa laisensi yake ngakhalenso ya galimoto.

Mano enieni a AARTO adali kwina. Lamuloli lidakonza zoti pa zolakwa zina dalaivala azilemberedwa mapointi, ndipo akapitirira 12 aziimitsidwa kuyendetsa kwa kanthawi. Chilango chotere chimaluma wolemera ndi wosauka chimodzimodzi, pomwe R250 ndi ndalama yaikulu kwa wogulitsa tomato ku Marabastad koma si kanthu kwa wamalonda wa ku Waterkloof. Komabe m'zaka zonse za kuyesaku, gawo la mapointili silidayambitsidwe. Chimene Tshwane idayesa chidali gawo la ndalama lokha, ndipo n'zosadabwitsa kuti anthu ambiri adayamba kuona AARTO ngati msonkho wovala yunifolomu.

Chodabwitsa n'chakuti ngakhale ngati msonkho, ndondomekoyi sidakondweretse makhonsolo. Choyamba, chindapusa chikachedwa kulipidwa, gawo lake limapita ku RTIA, pomwe wolipira malipiro a apolisi, mafuta a galimoto zawo ndi makamera ndi khonsolo. Chachiwiri, lamulo linkafuna kuti chikalata chiperekedwe pamanja kapena kudzera pa kalata yolembetsedwa ku positi ofesi, ndipo kutumiza makalata otere zikwizikwi mwezi ndi mwezi kunkadya ndalama zambiri zisanalowe n'komwe. Apolisi a mzinda wa Johannesburg adayesa njira yachidule: kuyambira mu 2010 mpaka 2012 ankatumiza zikalata pa positi wamba, ndipo mu 2014 Mtetezi wa Anthu, Thuli Madonsela, adapeza kuti mchitidwewu udali wosemphana ndi lamulo. Mu 2017, Bwalo Lalikulu la ku Pretoria, pa mlandu umene kampani ya Fines4U idasumira RTIA, lidaonetsa kuti bungweli silingaumirize munthu kulipira pamene ilo lomwe silidatsate ndondomeko ndi masiku olembedwa m'lamulo. Nkhani zoterezi zikatuluka m'nyuzipepala, madalaivala ankatolapo mfundo imodzi, yakuti wodikira amapindula.

Apa mpofunika kusiyanitsa chindapusa cholembedwa ndi cholipidwa. Malamulo owerengera chuma cha makhonsolo amafuna kuti zindapusa zonse zoperekedwa zilembedwe ngati ndalama zolowa, kenako pachotsedwe zimene zikuoneka kuti sizidzatoleredwa. Wowerenga mzere woyamba wokha angaganize kuti apolisi apamsewu ndi mgodi wa golide. Mzinda ngati Tshwane umadalira kwenikweni ndalama za magetsi, za madzi, msonkho wa malo ndi nyumba, komanso thandizo lochokera ku boma lalikulu. Zindapusa ndi kadontho poyerekeza ndi zimenezi. Ndipo m'kadonthomo, gawo la foni ndi laling'ono kwambiri. Kamera ya pamsewu imagwira galimoto zothamanga mazanamazana patsiku popanda kutopa, pamene wogwira foni amafunika wapolisi amuone, amuimitse, amulembere, kenako akhale wokonzeka kutsutsana naye akakana. Khonsolo yofuna ndalama imagula kamera. Lamulo la foni, lomwe lili pafupi kwambiri ndi chitetezo cha oyenda pansi, ndilo lokwera mtengo kulitsata, m'dziko limene anthu oposa 11,000 ankafa pamsewu chaka chilichonse pakati pa 2010 ndi 2019.

Mzinda wa Cape Town, umene sudali pansi pa AARTO, udayesa njira ina. Kuyambira mu 2012 apolisi ake adayamba kulanda foni yeniyeniyo nkuisunga kwa maola 24, kuwonjezera pa chindapusa. Mafoni ambiri eni ake sadabwere kudzawaombola, ndipo khonsolo idatsala ndi katundu wofunika kumusunga ndi kumulondera.

Mkangano waukulu udafika kukhoti Pulezidenti Cyril Ramaphosa atasainira, mu August 2019, lamulo lokonzanso AARTO kuti ifalikire dziko lonse. Bungwe la OUTA, lomwe lidabadwa polimbana ndi msonkho wa e-toll wa m'misewu ikuluikulu ya Gauteng, lidakamang'ala. Mu January 2022, Jaji Annali Basson wa Bwalo Lalikulu la ku Pretoria adagamula kuti AARTO ikusemphana ndi malamulo oyendetsera dziko chifukwa ikulanda mphamvu zimene malamulowo adapereka kwa maboma a zigawo ndi makhonsolo pa nkhani za pamsewu. Pa 12 July 2023, Bwalo la Malamulo Oyendetsera Dziko, pachigamulo cholembedwa ndi Mkulu wa Majaji Raymond Zondo, lidagwetsa chigamulocho, ponena kuti kuyendetsa za pamsewu ndi udindo umene boma lalikulu limagawana ndi zigawo. Majaji ankakambirana za mphamvu, koma makhonsolo ankamvetsera ndi khutu la msungichuma, popeza wolamulira chikalata ndiye amalamuliranso kumene ndalama yake ikupita.

Lamulo la mu 2019 lidabweretsanso kusintha kumene kudayamba kuoneka kofunika kwambiri positi ofesi ya dzikolo italowa m'mavuto aakulu azachuma mu 2023: lidalola kuti zikalata zizitumizidwa pa njira zamakono monga imelo, ndiye kuti wogwidwa chifukwa cha foni angathe kulandira uthenga wa chindapusa chake pafoni yomweyo. Masiku oyambira AARTO m'dziko lonse akhala akulengezedwa nkusunthidwa: la mu July 2021 lidadutsa zindapusa za ndondomekoyi zisanafike m'mizinda ina, ndipo la pa 1 December 2025, lokhudza makhonsolo 69, lidasunthidwanso patatsala masabata ochepa, Unduna wa Zamtengatenga utanena kuti makhonsolo ena adali asanamalize kuphunzitsa apolisi awo ndi kulumikiza makompyuta awo.