Gombe la kwa Chembe, kuyambira pa Ilala yoyamba

Boma la Ntcheu lilibe gombe. Munthu wa kwa Gomani akafuna nyanja amatsika msewu wa Kasinje kulowa m'chigwa cha Bwanje, n'kukhotera pa Golomoti kulunjika ku Monkey Bay, koma asanafike padokopo amapatukira kumanzere, kudutsa m'mapiri mpaka kwa Chembe. Alendo malowa amawadziwa kuti Cape Maclear, dzina limene David Livingstone anawapatsa mu 1861 polemekeza mnzake Thomas Maclear, katswiri wa nyenyezi wa ku Cape Town. Asodzi anali pomwepo kale, akupalasa mabwato ogoba pakati pa zilumba za Thumbi ndi Domwe.

Oyamba kuyesa kumangapo chinthu chachikulu anali amishoni a ku Scotland. Mu Okutobala 1875 anafika pa sitima ya nthunzi yotchedwa Ilala, imene amtengatenga mazanamazana anaisenza zidutswazidutswa kulambalala mathithi a Shire. Ankawatsogolera E. D. Young, ndipo pakati pawo panali dokotala wachinyamata, Robert Laws. Chinawakopa ndi doko: mapiri amatchinga mwera, sitima n'kugona bwinobwino. Udzudzu sanauwerengere. Malungo anatenga Dr. William Black mu 1877, ena n'kumutsatira, ndipo pofika 1881 wobatizidwa anali mmodzi yekha, Albert Namalambe. Chaka chomwecho anasamukira ku Bandawe, kusiya manda amene alendo amakaonabe m'tsinde mwa phiri. Mishoni yomweyi inadzakwera kumtunda n'kutsegula Livlezi, m'dziko la Angoni a Chikuse.

Kuyesa kwachiwiri n'koseketsa pang'ono. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, pagombepo panamangidwa hotela, ndipo mu 1949 kampani ya BOAC inayamba kuteretsa ndege zake pamadzi pomwepo, paulendo wa pakati pa Southampton ndi Johannesburg. Azungu ankatsika m'ndege kulowa m'boti, kukadya ndi kugona usiku umodzi, m'mawa n'kupitiriza. Zinatha mu 1950, ndege zotera pamtunda zitalanda msika. Hotelayo, yokhala kumapeto kwa msewu woipa, sinachedwe kutsekedwa. Mu 1951 Ilala yachiwiri, yopangidwa ku Scotland, inalumikizidwa n'kulowa m'madzi ku Monkey Bay, ndipo zasitima zonse zinakhazikika kumeneko.

Chimene chinabweza alendo kwa Chembe ndi tinsomba ta m'miyala totchedwa mbuna, tobiriwira, tachikasu, tamizeremizere, timene sitipezeka kwina kulikonse padziko. Mu 1980 boma linakhazikitsa Lake Malawi National Park kuti lititeteze, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linaika malowa pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse. Midzi ya asodzi monga Chembe, Msaka ndi Mvunguti sinasamutsidwe. Inatsala mkati mwa pakiyo. Ine ndimaona kuti apa ndi pamene zinagwira, chifukwa malo ogona ndi odyera anamera pakati pa nyumba za anthu, moyandikana ndi mathandala oanikapo usipa, m'malo motchingidwa ndi mpanda patali ndi mudzi.

Lero mnyamata wa boti la injini amakutengani kupita ku Thumbi. Pafupi ndi chilumba amazimitsa injini, kusomeka kabango m'kansomba kuti kasamire, kuimba mluzu, n'kukaponya. Nkhwazi imachoka mumtengo, imakawakha ndi zikhadabo osanyowetsa mapiko. Kenako amakoleza moto pamiyala n'kuotcha kampango, mpunga uli pambali. Madzulo mabwato a chilimira amanyamuka ndi nyali zokopera usipa, mlendo ali pampando wa pamchenga kudikira chambo ndi tchipisi.

Mbale imeneyi ili ndi mbali ya Ntcheu. Kunyanja n'kotentha, kachewere sachita bwino. Amachokera kumapiri ozizira a Tsangano, Lizulu ndi Dedza, pamodzi ndi kabichi ndi tomato, ndipo ochita malonda pobwerera amakweza matumba a usipa wouma. Komatu Angoni akale nsomba sankadya, ankaziyesa abale a njoka. Adzukulu awo pamsika wa Lizulu amakangana mtengo wa mulu wa usipa ngati obadwira pagombe.

Chambo chenichenicho chikuchepa. Makoka a maso aang'ono, ngakhale maneti a udzudzu, akhala akukokolola ndi tiana tomwe m'malo oswanirana, n'chifukwa chake boma limatseka usodzi wa makoka kumwera kwa nyanja kuyambira pa 1 Novembala, nthawi imene chambo chimaswana n'kusunga ana mkamwa. Ofika kwa Chembe m'miyezi imeneyo akaitanitsa chambo, nthawi zambiri woperekera zakudya amawafunsa ngati sangalandire kampango kapena ncheni.